Bokosi la Zida la Malemu

Ku America munthu wachikulire akamwalira, ana ake atamwazikana kale m'mizinda ina, banja limakonda kuitana kampani kuti idzagulitse katundu yense wa m'nyumba. Malonda amenewa amawatcha estate sale. Antchito a kampaniyo amamata mtengo pa chilichonse, kuyambira bedi mpaka supuni, kenaka amatsekula zitseko kwa masiku awiri kapena atatu, makamaka kumathero a sabata. Pa ndalama zonse kampani imatapapo gawo lake, ndipo tsiku lomaliza zotsala amazitsitsa mtengo, nthawi zambiri ndi theka. Anthu amalawira mbandakucha kukalandira manambala a pamzere. Chitseko chikangotsekuka ena amathamangira mbale ndi mipando, koma pali kagulu kena kosacheuka n'komwe. Iwo amalunjika kugalaja kapena kuchipinda cha pansi pa nyumba, kumene mwini khomo ankapalira matabwa ake.

Chimene akufuna amachidziwa bwino. Puleni ya Stanley akaipeza amaitembenuza, n'kupukuta fumbi ndi chala kuti awerenge zolembedwa pachitsulo. Kampani ya Stanley, ya ku New Britain m'chigawo cha Connecticut, idagula luso la Leonard Bailey mu 1869, ndipo mapuleni ambiri achitsulo amene tikuwaona lero, ngakhale otchipa a m'mashopu a hadiweya ku Limbe, adatengera kapangidwe komweko. Odziwa amatha kutchula zaka za puleni poona zizindikiro zake. Ikakhala ndi madeti atatu osindikizidwa pachitsulo, ndiye kuti ndi ya pakati pa 1910 ndi 1918. Mpeni wake ukakhala ndi zilembo za SW mkati mwa chithunzi cha mtima, ndi ya m'ma 1920 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1930. Sowo amafuna ya Disston, dzina limene lidayamba ku Philadelphia mu 1840. Dzimbiri siliwaopsa, pakuti limachoka ndi viniga ndi sandipepa. Chimene amaopa ndi mng'alu pafupi ndi pakamwa pa puleni, chifukwa chitsulo cha mtundu umenewo chikang'aluka n'chovuta kulumikiza kuti chiwongokenso.

Ku Britain msako womwewu umachitikira m'mabwalo Lamlungu m'mawa, pa malonda otchedwa car boot sale, pamene munthu amaimika galimoto n'kuyala katundu wake kumbuyo. Kumeneko maina ndi a ku Sheffield: Record, Marples, Spear & Jackson.

N'chifukwa chiyani chida chabwino chotere chimagulitsidwa motchipa, nthawi zina pa mtengo wa chakudya cha masana? Chifukwa chatsala chamasiye. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, zida zamagetsi zidalowa m'magalaja a anthu wamba, mipando idayamba kuchokera kufakitale, ndipo mwana wa kalipentala adakhala wa mu ofesi. Pa estate sale bokosi la zida limafika pamsika chifukwa pabanja ponse palibe dzanja lolifuna. Wogulayo amasangalala, ndipo sindimudzudzula, pakuti ambiri mwa iwo amatsuka zidazo, kuzinola, n'kuyambanso kupala nazo. Amene amandiwawitsa mtima ndi aja ogula kuti akaike m'kabati yagalasi. Kapuleni kakang'ono ka Stanley nambala 1 kamatha kupitirira madola 1,000, osati chifukwa chogwira ntchito kuposa zinzake koma chifukwa chosowa. Ndalama imeneyo kuno ingatsekulire achinyamata angapo mashedi awo.

Kwathu malonda otere sangatheke. Tangoganizani kutsekula nyumba ya malemu kuti anthu osawadziwa azilowa mpaka kuchipinda, kumagwiragwira zofunda ndi kunenerera mtengo. Mudzi wonse ungati banjalo lapenga, ena angayambe kunong'ona kuti imfayo ili ndi mwini. Katundu wa womwalira amadikira. Maliro akatha, mwambo wa kumeta ukachitika, akuluakulu a mbali zonse ziwiri amakhala pansi n'kugawa. Khasu, nkhwangwa, kasemasema, njinga, makina osokera, bokosi la zida, chilichonse chimapeza mwini watsopano m'banja momwemo, ndipo sabata isanathe chayambanso ntchito.

Ndiye kuno chida chakale sichitchipa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo ngakhale kumene magetsi aliko, kuthimathima kumachititsa mmisiri kusunga puleni yamanja pafupi. Pitani ku Mchesi ku Lilongwe kapena ku Ndirande mukaone makalipentala akupala zitseko ndi mabedi m'mbali mwa msewu. Mukaona puleni yolembedwa Made in England, chogwirira chake chidathyoka kale ndipo mwini wake adasema china, mpeni wake udafupika ndi kunola, koma mukafunsa mtengo akuuzani kuti siyogulitsa. Mmisiri ameneyo sadziwa za madeti atatu aja, koma amadziwa zimene wa ku America amadziwa: chitsulo chakale chimasunga kuthwa, ndipo sikuluwu yake simasuka pakati pa ntchito. Amadziwanso za sowo. Masowo ambiri atsopano amabwera ndi mano akuda oumitsidwa kufakitale, tupa siigwira, ndipo akabuntha ndi otaya basi. Sowo yakale imanoledwa ndi tupa chaka ndi chaka mpaka itatsala yopyapyala.

Zida zimenezi zidalowa m'dziko muno m'njira zodziwika. Ku Livingstonia, sukulu ya Overtoun imene Robert Laws adatsekula mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala ndi maluso ena amanja. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu akuno. Masitolo a Mandala ankagulitsa katundu wa ku Britain, ndipo kumalo okonzera sitima ku Limbe ndi m'maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi Mulanje kudadutsa amisiri ambiri. Enanso adabwera ndi zida m'masutikesi pochokera ku Joni, ku Halale ndi kumigodi ya kopa ku Zambia. Masiku ano pali njira ina, ndipo ndi pamene nkhani ziwirizi zimakumana. Bungwe la Tools for Self Reliance, lokhala kufupi ndi Southampton, limatolera zida zakale m'makomo a ku Britain, anthu odzipereka amazitsuka ndi kuzinola, kenaka zimatumizidwa kwa ophunzira ntchito zamanja m'maiko monga Malawi ndi Zambia. Bokosi limene lidasowa wolilandira kumeneko limadzadyetsa banja kuno.

Wofuna chida chakale kwathu alibe nyumba yotsekula zitseko, koma ali ndi misika. Pa Tsoka ku Lilongwe, mumsika wa Limbe ndi ku Ndirande pali anthu oyala zitsulo pathumba: masipanala, maloko, mahinjesi, hamala yopanda mpini, ndipo mwa apo ndi apo puleni kapena vayisi. Mtengo sumatidwa, umachokera pakamwa, ndipo wogulitsa akaona maso anu awala ukwera pomwepo. Funso limene wa ku America safunsa pa estate sale, kuno muyenera kulifunsa: chidachi chachokera kuti? Kalipentala sagulitsa puleni yake pokhapokha pagwe matenda kapena njala, kotero yotchipa kwambiri ingathe kukhala yobedwa pashedi ya mnzanu usiku wathawu.

Koma ndisakometse zakwathu mopitirira. Kugawa kwathu kuli ndi chilema chake. Pofuna kuti aliyense atengeko kanthu, timaphwasula bokosi: sowo kwa malume, puleni kwa mphwake wa malemu, hamala kwa mwana woyamba, sikweya kwa mlamu. Aliyense wapita ndi chake, koma palibe amene angakhome nacho tebulo. Mnyamata amene adakhala zaka akugwirira matabwa malemuwo, kaya ndi mwana wawo, kaya ndi mwana wa mlongo wawo, kaya ndi wophunzira chabe wochokera kwina, amatsala manja lende pamene ndi yekhayo wodziwa kuchuna puleniyo. Choipitsitsa, achibale ena amangolanda zonse, mayi ndi ana n'kutsala opanda podyera. Ndipo puleni ija ikakhala miyezi pansi pa bedi la munthu wosaidziwa, tsiku lina amadutsa ogula zitsulo ndi sikelo yawo, n'kuiyeza pa kilo pamodzi ndi mapoto obooka. Kunja chida chamasiye chimapeza wochisaka amene akudziwa mtengo wake. Kuno chikaphonya dzanja loyenera chimathera kosungunula.

Mwa njira ziwirizi ine ndikonda yathu, chifukwa imaona chida ngati chodyera cha banja, koma ndikufuna bokosi lizipita lathunthu kwa amene ati aligwiritse ntchito, ndipo iyeyo azithandiza amasiye kuchokera pa zimene akupeza. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 lidaika kulanda katundu wa malemu m'gulu la milandu, ndipo limalola munthu kulemba wilu n'kusaina pamaso pa mboni ziwiri. Amisiri ambiri amaganiza kuti wilu ndi ya anthu a nyumba ndi magalimoto, ena amaopa kuti kulemba n'kudziitanira imfa. Komatu kalipentala wa ku Mchesi angathe kutenga pepala akadali ndi mphamvu, kulembapo sowo, puleni, vayisi ndi makalampu ake, kutchula dzina la wodzalandira, n'kuuzanso mwinimbumba ndi mkazi wake kuti tsiku logawa pasadzakhale wonena kuti sadamve.