Mafupa a nyama zakale asunga mbiri ya dziko la Malawi

Msewu wa M1 umene umadutsa pa msika wa Lizulu m'boma la Ntcheu sutumikira amalonda a mbatata ya kachewere ndi kabichi okha. Msewu womwewu ungafikitse aphunzitsi ndi ana asukulu a m'derali ku nyumba zosungirako zinthu zakale, kumene angakaone ndi maso zimene amangowerenga m'mabuku.

M'maiko ambiri nyumba zosungirako zachilengedwe zakale zimakhala m'manja mwa masukulu a ukachenjede. Ntchito yake ndi kusunga mafupa, miyala ndi zomera, ndipo chilichonse chimalembedwa malo ndi nthawi imene chinapezeka kuti akatswiri achifufuze.

Kuno kwathu, malo otchuka pa ntchitoyi ndi Cultural and Museum Centre Karonga imene inatsegulidwa mu 2004. Mlendo akalowa amakumana ndi chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama cha khosi ndi mchira wautali chimene chinkadya zomera zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo.

Mafupa oyamba a chinyamachi anapezeka m'boma la Karonga m'zaka za m'ma 1920, koma dzina loti Malawisaurus linaperekedwa mu 1993 ndi gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi a Louis Jacobs a ku Southern Methodist University m'dziko la America. Ku sukulu yomweyi ndi kumene kunaphunzira Mmalawi mnzathu, Dr. Elizabeth Gomani, amene mu 2005 anadziwitsa dziko za chinyama china chotchedwa Karongasaurus.

Ku Uraha m'boma lomwelo, mu 1991 kunapezeka nsagwada ya munthu wakalekale wa mtundu wa Homo rudolfensis, imene akatswiri amati yatha zaka zoposa 2 miliyoni.

Sukulu zimene sizingakwanitse ulendo wa ku Karonga zili ndi malo ena apafupi. M'boma la Dedza, loyandikana ndi Lizulu, muli dera la Chongoni limene lili ndi malo 127 a zojambula za pa miyala, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2006. Chakumwera kuli nyumba ya Chichiri mu mzinda wa Blantyre.

Phunziro lalikulu la maulendo oterewa n'lakuti chinthu chakale chikachotsedwa mwachisawawa pamalo ake chimataya phindu, chifukwa dothi limene chakwiriridwamo ndilo limathandiza kudziwa zaka zake. Choncho mlimi akafukula phale, chida chamwala kapena fupa lachilendo m'munda, ayenera kuchisiya pomwepo ndi kudziwitsa amfumu kapena ofesi ya bwanamkubwa, popeza zinthu zotere zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act.