Kachilombo ka malungo kamasiya mapazi oti maginito n'kuwaona

Mwana akatentha thupi, mlangizi wa zaumoyo amamubaya pachala, kudontheza magazi pa kachipangizo, n'kudikira kuti mizere ioneke. Zipangizo zambiri zoterezi zimafufuza puloteni yotchedwa HRP2, imene tizilombo ta malungo timatulutsa. Vuto ndi lakuti m'mayiko ena tizilomboti tasiya kupanga puloteniyi. Ku Peru zinadziwika mu 2010, ndipo dziko la Eritrea linachita kusintha zoyezera zake chifukwa odwala enieni ankaoneka ngati alibe malungo.

N'chifukwa chake akatswiri akuyesa njira ina, yodalira maginito. Gwero lake ndi kanthu kochepetsetsa kotchedwa elekitironi, kamene kamapezeka mu atomu iliyonse.

Mu 1925, George Uhlenbeck ndi Samuel Goudsmit a ku Leiden, m'dziko la Netherlands, ananena kuti elekitironi imachita ngati nguli yopota. Asayansi amati spin. Za nguli ndi fanizo chabe, koma zotsatira zake ndi zenizeni: elekitironi iliyonse ndi kamaginito. Awiri akakhala pamodzi, wina kuloza kumwamba wina pansi, mphamvu zawo zimafafanizana. Wotsala wopanda mnzake ndiye amakokedwa ndi maginito.

Nanga magazi akubwera bwanji pamenepa? Mu 1936, Linus Pauling ndi Charles Coryell anapeza kuti himogulobini, imene imafiiritsa magazi, sikokedwa ndi maginito ikanyamula okosijeni, ngakhale ili ndi ayironi. Maelekitironi ake onse amakhala awiriawiri. Tsono kachilombo ka malungo kakalowa m'selo lofiira kamadya himogulobiniyo, koma chigawo chokhala ndi ayironi ndi poizoni kwa iko. Kuti kasafe, kamachiumba kukhala timiyala takuda totchedwa haemozoin. Mmenemo atomu iliyonse ya ayironi ili ndi maelekitironi asanu opanda anzawo. Achikulire amene akukumbukira kuwawa kwa kolorokwini, amene Malawi inasiya kudalira mu 1993, adziwe kuti ntchito yake inali kulepheretsa kachilombo kuumba timiyala tomweti.

Dontho la magazi likaikidwa pafupi ndi maginito amphamvu, timiyalato timafola mbali imodzi ndipo kuwala kodutsa m'magaziwo kumasintha. Makina otchedwa Gazelle, a kampani ya Hemex Health ya ku America, amayeza kusintha kumeneku pa mphindi imodzi yokha.

Komabe tisafulumire kuwomba m'manja. Malungo ofala kuno ndi a mtundu wa falciparum, ndipo tizilombo take tikakhwima timamatirira m'timitsempha, osayendanso ndi magazi. Timene timapezeka m'dontho la pachala ndi tating'ono, tokhala ndi haemozoin wochepa. Timiyalati timathanso kutsalira m'thupi munthu atachira kale, kotero makina angamunamizire matenda amene anatha. Pakadali pano njirayi ikuchita bwino pa mtundu wa vivax, umene wafala ku Asia ndi ku South America.