KUKONDERA PA NCHITO KUDWALITSA MTIMA

Anthu ambiri m'boma la Chadiza amadya za thukuta lao polembedwa nchito ndi anzao: m'masitolo a pa Boma, m'nyumba za anthu, pa zigayo ndiponso m'minda ya fodya ndi thonje. Madandaulo ao ndi amodzimodzi. Anthu awiri agwira nchito yofanana koma malipiro asiyana, kapena mbale wa abwana akwezedwa kusiya amene anayamba kale. Ambiri saziwa kuti kukondera kotere kumafika mpaka m'thupi.

Ku London, akatswiri a zaumoyo anatsatira amuna 6,442 ogwira nchito m'maofesi a boma kwa zaka pafupi-fupi 9. Anawafunsa ngati mabwana ao amawamvera, amawauza zinthu momveka, amawayamikira kapena amawadzudzula popanda cifukwa. Zotsatira zake zinatuluka mu caka ca 2005. Pakati pa amene anati amaona cilungamo pa nchito, ciopsezo ca matenda a mtima cinacepa ndi 30 peresenti poyerekeza ndi anzao. Onani kuti mafunso aja sanali a ndalama ai, koma a mmene munthu amasungidwira.

Cifukwa cake si covuta kumva. Munthu woponderezedwa amabwera ndi mkwiyo kunyumba. Tulo sabwera, mtima umagunda msanga, ndipo ena amathawira ku mowa ndi fodya. Zikapitirira zaka, BP ikhoza kukwera. Banja nalo limavutika, pakuti ukali wa ku nchito umagwera mkazi ndi ana.

Nanga cilungamo n'ciani? Mu 1971 katswiri wa ku America, John Rawls, anapereka muyeso wake. Iye anati lamulo labwino ndi lija munthu angalivomere asanadziwe ngati adzakhala wolemera kapena wosauka. Tinene kuti muli ndi sitolo ndipo mukonza malamulo a malipiro ndi chuti. Kodi mungawalandire malamulowo mutakhala kuti ndinu wosesa? Makolo athu anaciona kale pamene anati caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Lamulo la dziko lino nalo silinakhale cete. Employment Code Act ya 2019 iletsa wolemba nchito kusankha anthu cifukwa ca mtundu, cipembedzo, pakati, cilema kapena matenda. Inenanso kuti nchito yofanana ilandire malipiro ofanana. Mai woyembekezera ali ndi masabata 14 a chuti ca ucembere, ndipo mkazi aliyense wolembedwa nchito ali ndi tsiku limodzi lopumula pa mwezi, lija lichedwa Mother's Day, popanda kuonetsa kalata ya kucipatala. Nchito ya miyezi 6 kapena kupitirira iyenera kukhala ndi pangano lolembedwa.

Bvuto ndi lakuti a ganyu ndi anchito a m'nyumba kawiri-kawiri amangopangana pakamwa. Cotero musanayambe nchito, mvanani za malipiro pamaso pa mboni. Sungani kabuku kolembamo masiku amene mwagwira ndi ndalama zimene mwalandira. Zikavuta, yambani kukambirana ndi abwana mwaulemu. Akakana, pitani ku bungwe lanu la anchito kapena ku ofesi ya Labour ku Chipata. Ngati mutu ukuwawa kawiri-kawiri, tulo sabwera kapena mtima ukugunda msanga, kapimitseni BP ku cipatala ca Chadiza kapena ku kiliniki ya pafupi. Musadikire kugwa, cifukwa BP nthawi zambiri imakwera mwakacetecete.

Inunso a m'makomboni amene muli ndi mtsikana wa nchito kapena mnyamata wa pa kantemba, nkhaniyi ndi yanu. Mlipireni pa tsiku lake, mumvereni akadandaula, ndipo akadwala mloleni apite ku cipatala osamudula malipiro mwankhanza.