Za Mowa ndi Ntchito ya Ubongo

Abale okondedwa a m'mipingo ya ku Thyolo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, tsiku la malipiro m'minda ya tiyi timva ambiri alikunena kuti kachasu apatsa munthu mphamvu. Tiyeni tione chimene achita m'mutu.

Mlengi anaika mu ubongo maselo a mitsempha okwana ngati mabiliyoni 86. Maselowa atumizirana mau mwa mankhwala odumpha kampata kakang'onong'ono pakati pao. Mankhwala ena, dzina lake glutamate, auza selo kuti ligwire ntchito. Ena, dzina lake GABA, aliuza kuti likhale chete. Ziwirizi zikalingana, munthu aganiza bwino, ndipo dzanja lake lithyola masamba awiri ndi nsonga yake osaphonya.

Mowa ukalowa m'mwazi, ufika ku ubongo m'mphindi zowerengeka. Pomwepo uonjezera mphamvu ya GABA, nufooketsa glutamate, kotero kuti mau ayenda mochedwa. Mbali ya kumphumi, imene iletsa munthu kuchita zopusa, ifooka msanga. Chifukwa chake womwayo ayesa kuti walimba mtima, pamene mlonda wake ndiye wagona. Mbali ya kunkhongo, yolinganiza mayendedwe, isokonezekanso, ndipo munthu adzandira. Mbali yosunga zochitika ileka kusunga, ndipo m'mawa sakumbukira kumene anataya ndalama za ufa wa ana. Akapitirira muyeso, ngakhale mbali yolamulira kupuma ifooka, namwalira munthu ali m'tulo. Tiyi wowawa kapena madzi ozizira sizichotsa mowa m'mwazi. Chiwindi ndicho chiutha, pang'onopang'ono.

Koma taonani msampha wake. Munthu akamamwa masiku onse, ubongo uzolowera, nukuza mphamvu ya glutamate kuti ulimbane ndi mowawo. Tsono mowa ukasowa, maselo atakataka mopitirira: manja anjenjemera, thukuta lituluka, ena aona zinthu zimene palibe, ena agwa ngati akhunyu, ndipo ena afa. Umenewu si ufiti ai.

Chifukwa chake, abale, wina wa mumpingo amene wamwa kwambiri zaka zambiri akafuna kuleka, tisamuuze kuti angoleka yekha m'nyumba. Timperekeze ku chipatala cha Malamulo ku Makwasa, kapena cha boma ku Thyolo, kumene angathandizidwe ndi mankhwala, ndipo timpempherere osamnyoza. Inunso aphunzitsi, fotokozerani ana zimenezi asanalawe, pakuti ubongo wa wachinyamata ukali kukula kufikira apitirira zaka 20.