Maphunziro a mfuti sayamba ndi kuwomba

Anyamata a kuno ku Domasi akamva kuti ntchito yanga inali yophunzitsa alonda a nyama zakutchire kagwiridwe ka mfuti, funso lawo limakhala limodzi: "Madala, kodi munthu amayamba kuwomba tsiku lachingati?" Ena amandionetsa mavidiyo a pafoni, anthu a ku America atavala magalasi akuda, akuthamanga uku akuwomba zitsulo. Kumeneko munthu wamba amatha kugula mfuti m'sitolo, kulipira sukulu ya masiku awiri kapena atatu, kunyamula zipolopolo zake mazanamazana, Lolemba n'kubwerera kuntchito yake ya muofesi. Kuno zimenezo kulibe, ndipo ine ndimati zili bwino choncho. Lamulo la dziko lino limafuna chiphaso cha kupolisi ngakhale pa mfuti yosakira mbalame ku Chilwa, ndipo mfuti zankhondo munthu wamba saloledwa kukhala nazo. Wofuna kuphunzira mfuti yotere khomo lake ndi ntchito: usilikali, womwe amakaphunzira ku MAFCO ku Salima, upolisi, ntchito ya ndende, kapena ulonda wa nyama. Ndikamba za womalizawu chifukwa ndi umene ndikuudziwa, komanso chifukwa nkhalango ya Liwonde tili nayo pafupi, ulendo wosakwana ola limodzi pa minibasi mumsewu wa M3.

Tsiku lowomba limachedwa, ndipo timalichedwetsa dala. Wophunzira amainyamula mfuti masiku ambiri, kudya ili pambali pake, kuimasula ndi kuimanganso mpaka zala zitaloweza, asanagwire chipolopolo ndi chimodzi chomwe. Chimene mphunzitsi akufuna kuona poyamba si maso akuthwa ayi. Akufuna kuona ngati munthuyu angakhale ndi mfuti yodzaza kumbuyo kwa anzake tsiku lonse, atatopa, ali ndi ludzu, anzakewo n'kumayenda mtima uli m'malo.

Mfuti za m'mavidiyo zija, zotchedwa carbine, ndi mfuti zazikulu zomwezi koma zofupikitsidwa mpope. Zinayambira kwa asilikali okwera pa akavalo, amene mfuti yaitali inkawapinga. M4 ya ku America mpope wake ndi wa masentimita pafupifupi 37, pamene wa M16 ndi wa masentimita 51. Kufupikako kumathandiza m'tchire lowirira ndi pokwera galimoto, koma kuli ndi choopsa chake: mfuti yaifupi imatembenuka msanga. Wophunzira akangocheuka kuti amve zimene mnzake wanena, kukamwa kwa mfuti kwaloza kale pamimba pa mnzakeyo. AK-47, imene Mikhail Kalashnikov anaikonza ku Soviet Union, ndipo inachuluka m'madera a m'malire nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992, magazini yake imalowa zipolopolo 30. Chipolopolo chake chimatuluka pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi imodzi, ndipo chikaphonya chingathe kupitirira makilomita awiri. Pa mtunda wotere kuno kwathu pali midzi, minda ya mpunga, zitsime ndi ana obwera kusukulu.

Ndiye mukonzekere bwanji? Yambani ndi mapazi. Amene amabwezedwa pa mayeso osankhira anthu, ambiri sagonja ndi mfuti, amagonja ndi matuza, mawondo ndi chifuwa chochepa mpweya. Mudzathamanga, mudzayenda mtunda wautali mutasenza katundu, ndipo kuchigwa cha Shire mwezi wa Okutobala dzuwa limafika pafupi ndi madigiri 40, mitengo ya tsanya itayoyoka masamba, mthunzi kulibe. Ife a ku Domasi tili ndi mwayi umene anzathu a kuchidikha alibe: phiri la Malosa lili pakhomo. Tengani chikwama, ikanimo mchenga pang'ono, kwerani m'mamawa, sabata ndi sabata muzionjezera kulemera. Jombo zatsopano musakazivalire koyamba kumaphunziro, ziyendereni kunoko mpaka zifewe. Masokosi akhale okwanira kusintha, zikhadabo zowengedwa. Kapimitseni maso, makutu ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ngati malungo amakubwererabwerera, thanani nawo kuchipatala musananyamuke. Chamba ndi kachasu zisiyeni lero, osati usiku woti mawa mukupita. Dzanja lonjenjemera limaonekera patali.

Za mapepala, werengani chilengezo chenicheni cha ntchito, muone maphunziro ndi zaka zimene akufuna, mukhale ndi chiphaso cha unzika ndi masatifiketi anuanu. Akabwera munthu n'kunena kuti mumupatse ndalama akulowetseni dzina, ameneyo ndi kamberembere. Ndaona makolo akugulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga chifukwa cha bodza limeneli, ndipo zimandipweteka mtima. Malo pa maphunziro amenewa sagulidwa.

Pali mtundu wina wa ophunzira amene amativuta kuposa onse: amene amabwera akuidziwa kale mfuti. Wina anakulira pambali pa agogo ake osaka ndi gogodela, wina anawombako bakha wakutchire kunyanja. Chala chawo chimathamangira chokha pa kachitsulo kokhethemulira, ndipo kuchotsa chizolowezi n'kovuta kuposa kuphunzitsa munthu wosadziwa kanthu. Atsikana ambiri amene ndawaphunzitsa anagwira msanga pa chifukwa chomwechi. Sanabwere kudzaonetsa kuti amatha, anabwera kudzamva, ndipo zimene auzidwa ankachita momwemo.

Malamulo oyambirira ndi anayi, ndipo masukulu a mfuti m'maiko ambiri amawaphunzitsa mofanana kuyambira pamene Jeff Cooper, amene anatsegula sukulu yake ku Arizona mu 1976, anawafalitsa. Mfuti iliyonse uiyese yodzaza, ngakhale waitsitsa wekha zipolopolo. Usailoze pa chinthu chimene sukufuna kuchiwononga, ngakhale mwa masewera, ngakhale pojambulitsa chithunzi. Chala chikhale kunja, chowongoka m'mbali mwa mfuti, kufikira utaona chandamale ndipo watsimikiza kuwomba. Ndipo udziwe chimene ukuwombacho komanso chimene chili kuseri kwake. Malamulowa amatchinjirizana: ukaphonya limodzi, linzake limapulumutsa moyo. Ngozi imachitika pamene munthu waswa awiri nthawi imodzi.

Pamalamulowa timaonjezera mwambo umene wophunzira amaubwereza mpaka kutopa nawo. Ukatola mfuti, ukamapatsira mnzako, ukamalandira, ukamalowa m'nyumba kapena m'galimoto, umailoza kopanda anthu, kuchotsa magazini, kenaka kutsegula ndi kuyang'ana m'chipinda cha chipolopolo ndi maso ako. Ndondomekoyi isasinthane. Anthu ambiri sadziwa kuti magazini ikachoka, chipolopolo chimodzi chimatha kutsalira m'kati, chokonzeka kutuluka. Ngozi zambiri za mfuti zimene ndazimva pa ntchitoyi zinathera pa mawu amodzimodzi akuti ndimayesa mulibe kanthu. N'chifukwa chake wophunzira amene mfuti yamulirira mosayembekezera salandira chifundo, ngakhale chipolopolo chitalowa m'dothi. Amalangidwa, ndipo nthawi zina amapakira katundu wake.

Tsiku lowomba likafika, sipakhala kuthamanga kwa m'mavidiyo. Ophunzira amagona chafufumimba pamzere, aliyense ali ndi mphunzitsi pambali, zipolopolo zowerengeka m'manja. M'makutu amatseka, chifukwa kulira kwa mfuti yaikulu kumapitirira madesibelo 140, ndipo khutu likaonongeka silibwerera. Anzanga ena amene anaphunzira kale, nthawi imene zotsekera m'makutu zinkaoneka ngati mantha, lero umachita kuwakuwira. Tisanayambe timaona kaye diso limene limatsogolera, pakuti alipo anthu a dzanja lamanja koma diso lamphamvu lili lamanzere, ndipo akapanda kudziwa amaphonya osamvetsa chifukwa chake. Kenaka mfuti itsamire bwino paphewa, tsaya ligone pamalo amodzimodzi nthawi zonse, diso likhale pa kachitsulo koyang'anira ka kutsogolo osati pa chandamale, mpweya utuluke pang'ono n'kuima, chala chifinye mofatsa mpaka mfuti ilire yokha.

Mdani wamkulu wa woyamba kumene ndi kudzidzimuka. Thupi limadziwa kuti kukubwera phokoso ndi kukankha, ndiye limatsinzina ndi kukankhira mfuti pansi chipolopolo chisanatuluke. Mankhwala ake ndi kubwerera ku mfuti yopanda kanthu, kukhethemula mobwerezabwereza mphunzitsi akuyang'ana mpope ngati ukugwedezeka. Ndipo poyamba sitifunsa kuti walasa pakati kapena ayi. Timafuna mabowo akhale pamodzi. Akakhala pamodzi, ngakhale ali pakona ya pepala, munthuyo akuchita chinthu chimodzi mofanana, chotsala n'kungosuntha zoyang'anira. Akamwazikana, vuto lili m'thupi mwake, ndipo kumupatsa zipolopolo zambiri n'kungotaya chuma.

Pomaliza makoko onse a zipolopolo amatoledwa ndi kuwerengedwa, ndipo aliyense amanena pamaso pa mkulu kuti alibe chipolopolo m'thumba. Chimodzi chikasowa, palibe amachoka. Kenaka kutsuka mfuti, munthu asanasambe, asanadye. Fumbi la chilimwe ndi chinyontho cha dzinja zonse zimadya chitsulo, ndipo mfuti yakuda imakakamira pa nthawi imene ukuifuna kwambiri.

Pali nkhani ina imene aphunzitsi ambiri amaizemba, koma ine ndiinena. Ophunzira ena amabwera atatemera mphini, ena ndi chithumwa m'chiuno, atauzidwa kuti chipolopolo chidzasanduka madzi. Chikhulupiriro cha munthu sindilimbana nacho, koma mbiri ili poyera. Pa nkhondo ya Maji Maji ku Tanganyika, kuyambira 1905 mpaka 1907, anthu miyandamiyanda anafa atalonjezedwa zomwezo. Ku Mozambique, gulu la Naparama linkatemera ankhondo ake kuti zipolopolo zisawalowe, ndipo mtsogoleri wake Manuel António anaphedwa pankhondo mu 1991. Choopsa cha chithumwa n'chakuti mwini wake amaimirira pamene anayenera kugona pansi, ndipo anzake amavulala pokamukoka.

Phunziro lalitali kuposa onse ndi la nthawi imene suyenera kuwomba. Mlonda wa nyama si woweruza. Ntchito yake ndi kugwira munthu, kusunga umboni ndi kumupereka kupolisi kuti khoti ligamule. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu, monga ya minyanga ya njovu ndi nyanga za chipembere, chinafika pa zaka 30 m'ndende, choncho dzanja la lamulo lili ndi mphamvu zokwanira. Mfuti ndi yoteteza moyo wako kapena wa mnzako pamene njira zina zonse zatha. Munthu amene wataya khwekhwe lake n'kuyamba kuthawa sawombedwa. Nthawi zambiri munthuyo ndi wa mudzi woyandikana ndi mpanda, mwina njovu zinamudyera chimanga, mwina mwana wake amaphunzira kalasi imodzi ndi wako. Mlonda wokonda kukhethemula amaononga ubale wa nkhalango ndi midzi umene anthu aumanga kwa zaka, ndipo midzi ikakwiya palibe mpanda umene ungateteze nyama.

Onani zimene zachitika ku Liwonde kuyambira 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa nkhalangoyi mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Misampha ya waya zikwizikwi yazulidwa. Mikango inabwezeretsedwa mu 2018, zipembere 17 zinafika kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira ku Kasungu chifukwa zinachuluka. Zimenezi zatheka ndi miyendo, maso odziwa kulondola mapazi, wailesi yolankhulirana, kachipangizo ka GPS ndi kulemba bwino malipoti. Maulendo ambiri olondera amatha mfuti isanalire n'kamodzi komwe, ndipo ulendo wotero ndiwo timauyesa wabwino.

Mfuti sipangitsanso munthu kukhala wamkulu kuposa tchire. Asilikali a ku Britain ankabwera ku Liwonde kudzaphunzitsana ndi alonda athu, ndipo pa 5 Meyi 2019 mmodzi mwa iwo, Mathew Talbot wa gulu la Coldstream Guards, wa zaka 22, anaphedwa ndi njovu ali pa ulendo wolondera m'udzu wautali. Anali msilikali wophunzitsidwa bwino. N'chifukwa chake maphunziro oyamba amapatula nthawi yochuluka pa kuwerenga mphepo, kudziwa njovu yoopseza ndi njovu yobweradi, kutalikirana ndi njati yovulala, komanso kumanga bala kuti magazi asiye kutuluka. Luso lomalizali mlonda adzaligwiritsa ntchito ngakhale pa ngozi ya pamsewu ali patchuthi kwawo.

Boma la Zomba lakhala ndi asilikali kuyambira masiku a King's African Rifles, ndipo chipilala chawo chili pafupi ndi Cobbe Barracks mpaka lero, choncho ana a kuno kukhumbira yunifolomu si zachilendo. Khumbirani, koma lowerani pakhomo. Musabwereke mfuti ya munthu kuti muyeserere, musapite kwa aliyense wonena kuti akuphunzitsani kuseri kwa phiri, chifukwa kupezeka ndi mfuti kapena chipolopolo popanda chiphaso ndi mlandu wa ndende, ndipo mbiri ya mlandu imatseka ntchito yomwe mukuifunayo. Inu makolo, ngati m'nyumba muli mfuti ya chiphaso, ikhale yokiyidwa, yopanda chipolopolo, zipolopolo zili pena. Ndipo amene mwatola mfuti kapena chipolopolo chakale m'munda kapena m'tchire, musachigwire, musachiponye pamoto. Ikani chizindikiro pamalopo, uzani amfumu, ndipo kanenani kupolisi ya pafupi tsiku lomwelo.