Musataye Tebulo Lakale Losambirapo

Fodya asanagulidwe ndalama imasowa, tsono musafulumire kugula tebulo lina chifukwa loikapo beseni lija layamba kuola.

Liumitseni pamthunzi, pakuti padzuwa matabwa amang'aluka. Palani utoto wakale ndi phale la botolo, muli panja ndiponso ana ali kutali, popeza fumbi lake limadwalitsa. Dulani kunsi kwa miyendo yonse mofanana, ndipo muikhazike pa miyala yaphanthiphanthi kuti chinyezi chisakwere, ndi kuti njira za chiswe zizioneka msanga. Pamene thabwa lasweka khomanipo nsungwi zong'amba. Potsiriza pakani mafuta a nsatsi.

Mafumu, uzani anthu anu kuti wokonza tebulo lakale wapulumutsa mtengo m'mapiri a Ntchisi.