Musanakumbe maziko a mpanda

Ambiri ofuna kumanga mpanda wa njerwa ku Balaka, ku Liwonde kapena ku Ntaja amayamba ndi kufunsa mtengo wa thumba la simenti. Choyenera kuyamba nacho ndi malire. Mpanda wa udzu kapena wa bango ukalowa kwa mnzanu, mumauzula tsiku lomwelo n'kuusendeza. Wa njerwa ukalowa ngakhale phazi limodzi, umasanduka mlandu, ndipo wogumula ndi inu nomwe, ndi ndalama zanu.

Dziwani kaye mtundu wa malo anu. Ngati ndi puloti ya lizi kapena yomwe munapatsidwa ndi khonsolo, pali mapu ndi mabikoni. Apezeni onse chingwe chisanakokedwe. Ngati ena anazulidwa, itanani woyeza malo wovomerezeka ndi boma, osadalira zoloza ndi chala za amene anakugulitsani.

Malo a mafumu ndiwo amafuna kudekha. Itanani a nyakwawa ndi onse ochita nanu malire, muyende limodzi ngodya ndi ngodya, mukhome zikhomo iwo akuona, ndipo mulembe zomwe mwagwirizana, aliyense asaine kapena adinde chala. Kuno mabanja ambiri ndi a chikamwini, choncho mkamwini asayambe ntchitoyi mwini mbumba asanamve. Izi zikukhudzanso abale athu amene ali ku Joni, omwe amatumiza ndalama n'kumalamula pa foni kuti mpanda uyambike mawa. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsa komiti ya malo pa gulupu aliyense: wapampando ndi a gulupu, ndipo mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Mkangano wa malire umayamba kuweruzidwa pa bwalo la malo la mfumu yayikulu, monga kwa Nsamala, kwa Kalembo, kwa Sitola kapena kwa Kawinga. Wosakhutira amapita ku bwalo la malo la pa boma.

Kenako pitani ku khonsolo. Balaka inapatuka ku Machinga mu 1998, ndipo boma lililonse lili ndi khonsolo yakeyake. Lamulo la mapulani a malo la 2016 linafikitsa ntchito ya mapulani m'dziko lonse, osati m'mizinda yokha. Makamaka ngati muli m'tauni kapena pa malo ochitira malonda, funsani ku ofesi ya mapulani ngati mpanda wanu ukufuna chilolezo, ndiponso kutalika kumene amalola. Mukalipira kanthu, tengani lisiti.

Pali malo ena omwe si anu ngakhale muwasese tsiku lililonse. M'mbali mwa misewu yayikulu monga M1, M3 ndi M8, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi a msewu, ndipo a Roads Authority angathe kugumulitsa chomangidwa m'menemo. Njanji yodutsa ku Nkaya ndi Liwonde kupita ku Nayuchi nayo ili ndi malo ake. Musatsekere mkati mitengo ya ESCOM kapena kumanga pamwamba pa mapaipi a Southern Region Water Board, ndipo njira yomwe anthu amadzera popita ku mjigo musaitseke musanakambirane ndi mudzi.

Tsopano mmisiri. Kampani ya zomangamanga iyenera kukhala yolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ntchitoyi, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 pa dzina la NCIC. Koma ambiri timalemba bilida wa m'dera lathu, ndipo palibe cholakwika. Satifiketi ya TEVETA ndi yothandiza, komabe ine ndimakhulupirira kwambiri khoma limene munthuyo anamanga kale. Pitani mukaone mpanda wake womwe wapyola nyengo za dzinja ziwiri kapena zitatu. Yang'anani m'ngodya ndi pa geti ngati pali ming'alu, kandani matope a pakati pa njerwa ndi msomali muone ngati akuyoyoka, ndipo mwini nyumbayo mumufunse pambali mmisiri palibe.

Madera ambiri a Balaka ndi a m'mbali mwa Shire ali ndi dothi la makande, lomwe limafufuma ndi mvula n'kung'ambika m'chilimwe. Pa dothi lotere maziko osaya sakhalitsa. Mmisiri akuuzeni kuya kwa maziko, kutalikirana kwa mapilala, mizere yomwe adzaikemo bulikifosi, ndi mabowo otulutsira madzi m'munsi mwa khoma. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa zomwe madzi amachita akasowa potulukira. Madziwo musawalozetse pakhomo pa mnzanu.

Tengani makoteshoni kwa amisiri angapo, mtengo wa zipangizo paokha, wa ntchito paokha. Mgwirizano ulembedwe: kutalika kwa mpanda m'mamita, wogula simenti ndi mchenga, wotunga madzi, tsiku loyamba ndi lomaliza, mboni ziwiri. Lipirani m'magawo, maziko akatha, khoma likafika pakati, likatha, ndipo kagawo komaliza musunge mpaka mutayendera ntchito yonse. Matumba a simenti muziwerenga nokha madzulo alionse. Nanunso gawo likatha lipirani tsiku lomwe munalonjeza, pakuti anyamata oponda matope aja amadya za tsiku lomwelo.

Mmisiri akathawa ndi dipoziti, yambani kwa mboni zanu ndi a mfumu. Zikakanika, kasumeni ku khoti la majisitireti mutanyamula pepala la mgwirizano, malisiti, ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza ndalama zomwe munatumiza.